Kamangidwe ka nyumba ya chikhalidwe yosatentha ndi yosalowa madzi m'Chigwa cha Shire

Nyumba ya chikhalidwe ndi pamene mudzi umavinirapo utse ndi likhuba, kuimba valimba, kusunga ng'oma, kuphunzitsa ana kuluka ndi kuumba, ndiponso kuchitirapo misonkhano ya chitukuko. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje nyumba yotere imalimbana ndi zinthu zinayi: dzuwa la Okutobala ndi Novembala lopitirira madigiri 40, madzi osefukira a pakati pa Januwale ndi Malichi, mphepo yosasula madenga mvula ikamayamba, ndi chiswe. Holo ya khoma lalifupi, malata opanda siling'i ndi mawindo a magalasi singathe kupirira zonsezi. Masana anthu amaithawa n'kukakhala pansi pa mtengo, ndalama zitapita kale.

Malangizo awa ndi a holo ya mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, yokwana anthu pafupifupi 200 atakhala pansi kapena pamabenchi, pamodzi ndi bwalo lake. Nzeru zake zachokera ku zinthu zimene zimakhalitsa m'chigwa muno. Chulu chimaima pokwera ndipo mpweya umayenda m'kati mwake. Mtengo waukulu umatchinga dzuwa pamwamba koma mphepo imadutsa pansi pake. Bango limalola madzi ndi mphepo kudutsa m'malo molimbana nazo. Amisiri a kwina anatsata kale njirazi: nyumba ya Eastgate ku Harare, imene inatsegulidwa mu 1996, anaijambula Mick Pearce potengera kayendedwe ka mpweya m'chulu, ndipo sukulu ya ku Gando ku Burkina Faso, ya Francis Kéré, imene inatha mu 2001, ili ndi makoma a dothi ndi malata okwezedwa pamwamba pa siling'i.

Malo: musawasankhe m'chilimwe

Malo aliwonse amaoneka abwino mu Seputembala. Kawaoneni mu Febuluwale kapena Malichi, mvula yamphamvu itangogwa, muone pamene madzi aima ndi kumene akuthamangira. Kenako yendani ndi a nyakwawa, akuluakulu a m'mudzi ndi a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akusonyezeni pamene madzi anafika mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Musangomva ndi makutu. Funani zizindikiro pa mitengo ikuluikulu, pa makoma a sukulu kapena tchalitchi. Pomwe madzi anafika pamwamba kwambiri khomanipo msomali, ndipo musamutse muyezowo kupita nawo pamalo omangapo ndi paipi yoonekera m'kati yothira madzi, monga amachitira amisiri poyeza levulo.

Pansi pa holo payenera kukhala masentimita 50 mpaka 60 pamwamba pa msomali uja. Ngati kuti mufike pamenepo pakufunika guwa loposa mita imodzi, malowo asiyeni, ngakhale akhale opatsidwa ulere. Samalaninso ndi mitsinje yotsika m'mapiri monga Mwanza, Thangadzi ndi Lalanje. Imakhala youma miyezi yambiri, koma imadzaza mchenga n'kusintha njira, ndipo madzi ake amabwera mwaliwiro ngakhale pamalopo pasanagwe mvula. Malo a mchenga woyera wosalala pakati pa minda nthawi zambiri ndi khwawa lakale. Kumene kwamera bango ndi gumbwa madzi ali pafupi. Kumene kuli milambe yakale, mitondo ndi zulu zazikulu nthawi zambiri ndi pamtunda, ngakhale kuti chizindikiro chimenechi sichilowa m'malo mwa msomali uja.

Kumbani maenje oyesera atatu kapena anayi akuya mita ndi theka. Mukapeza makande, dothi lakuda lomata limene ladzaza dera la Ngabu, dziwani kuti mwapeza vuto lalikulu la maziko. Makande amatupa akanyowa ndipo amanyala akauma, mpaka ming'alu yolowa dzanja. Nyumba yokhala pamenepo imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ndiye chifukwa chake makoma ake amang'ambika kuyambira pangodya za mawindo. Mukapeza dothi lotuwa ngati lathiridwa phulusa, umenewo ndi mchere, ndipo umadya njerwa ndi pulasitala kuchokera pansi.

Za umwini wa malo zilembedwe musanakumbe, mafumu ndi eni minda oyandikana nawo asaine. Pulani ipite ku khonsolo ya boma, ndipo maziko, bimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma) ndi denga aziwerengere injiniya wovomerezeka. Nyumba yolowa anthu 200 si yomanga mongoyerekeza. Miyezo ili m'munsimu ndi yokuthandizani kukambirana naye ndi kuyang'anira ntchito.

Kaimikidwe ka nyumba

Utali wa holo ugone kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera. Chifukwa chake ndi kayendedwe ka dzuwa. Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale. Pakati pa miyezi imeneyi limapendekera kum'mwera pang'ono, ndipo miyezi ina yonse limakhala kumpoto, mu Juni n'kutsika mpaka madigiri pafupifupi 50 masana. Dzuwa lokwera chotero n'losavuta kulitchinga: khonde la mamita awiri limaphimba khoma pafupifupi lonse. Lovuta ndi dzuwa la kumadzulo, la 2 koloko mpaka 5 koloko, limene limalowa chopingasa pansi pa khonde lililonse. Choncho khoma la kumadzulo likhale lalifupi, lopanda zenera, ndipo kumbali imeneyo muikeko chipinda chosungiramo katundu kuti chilandire kutenthako m'malo mwa holo.

Kaimikidwe kameneka kamagwirizananso ndi mphepo ya mwera yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imalowa pakhoma la kum'mwera n'kutulukira kumpoto. Musamange zimbudzi, thanki kapena mpanda wa njerwa kumbali yolowera mphepoyo. Ofesi ndi khitchini zikhale timanyumba tapadera totalikirana mamita asanu kapena kuposerapo, osati zipinda zounjikana kumbuyo kwa holo.

Guwa ndi maziko

Chotsani dothi lonse lapamwamba, mizu ndi zitsa. Chitsa chosiyidwa pansi pa silabu chimaitana chiswe, ndipo chikaola pamatsala dzenje. Ngati pamalopo pali chulu, chikumbeni chonse mpaka pansi ndipo dzenjelo mulitsindire bwino.

Panthaka yolimba ngalande ya maziko ikhale yakuya masentimita 75 mpaka mita imodzi, mulifupi masentimita 70 mpaka 80, ndi konkire yokhuthala masentimita 20 mpaka 25 ya muyezo wa simenti imodzi, mchenga itatu, miyala ya kwale isanu ndi umodzi. Pamakande muyenera kukumba kupyola pamene ming'alu ya chilimwe imalekera, kapena kuthira silabu yonse ya zitsulo, malinga ndi mmene injiniya aonere. Makande ochokera m'ngalandemo asabwererenso pansi pa nyumba.

Khoma la guwa, kuchokera pamaziko kufika posanjikiza pulasitiki, limangidwe ndi miyala kapena mabuloko a simenti, matope ake simenti imodzi pa mchenga inayi. Njerwa za dothi zisakhale m'gawo limeneli, chifukwa ngakhale zili ndi simenti zimafooka zikakhala m'madzi masiku angapo. M'kati mwa guwa thiranimo dothi la mchenga kapena la nsangalabwi m'magawo a masentimita 15, gawo lililonse mulinyowetse pang'ono ndi kulitsindira musanathire lina. Holo iyi pamodzi ndi khonde lake ndi mamita 14 kwa 24, ndipo guwa la masentimita 60 limadya dothi pafupifupi makyubiki mita 200. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo ndi pamene anthu amabera, kuthira dothi lonse kamodzi n'kutsindira pamwamba pokha. Zotsatira zake ndi silabu yotitimira pakati pakatha mvula ziwiri. Nkhuti yotsala pokumba dothilo ikhale kumunsi, kutali ndi nyumba, ndipo muikwirire kapena kuigwetsa m'mbali, chifukwa ikadzaza madzi imaswetsa udzudzu ndipo ana akhoza kumiramo.

Yalani pulasitiki yokhuthala pansi pa silabu ndi ina pamwamba pa khoma la guwa, zolumikizira zipitirirane masentimita 30. Pulasitikiyi ndi imene imaletsa chinyezi cha mchere kukwera. Kuzungulira guwa ikani kakhonde kotsetsereka kotalika mita imodzi kapena kuposerapo, kuti madzi asalowe pamaziko. Pamakande kakhonde kameneka n'kofunika kwambiri chifukwa kamachepetsa kunyowa ndi kuuma kwa dothi la pansi pa khoma.

Madzi a m'mijigo yambiri ya m'chigwa muno ndi a mchere. Alaweni. Ngati ali ndi mchere musakandire konkire ya zitsulo, chifukwa zitsulozo zimachita dzimbiri n'kuphulitsa konkire kuchokera m'kati. Thirani konkire m'mamawa, muiphimbe ndi udzu kapena masaka, ndi kuithirira masiku asanu ndi awiri. Konkire youma msanga ndi dzuwa la kuno imafumbutuka ngakhale simenti inali yokwana.

Njerwa zosawotcha

Uvuni umodzi wa njerwa umameza mitengo yambiri, ndipo kutha kwa mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje ndi kumene kwadzaza mitsinjeyo mchenga. Komanso malamulo amene bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC linakhazikitsa mu 2018 amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Njerwa zoyenera ndi za dothi losakaniza simenti pang'ono, zotsindira pamakina amanja, zimene amisiri amazitcha ma SSB.

Dothi lake ndi lapansi, osati lapamwamba lolimidwa. Liyeseni kawiri. Poyamba thirani dothi m'botolo loonekera kufika pagawo limodzi mwa atatu, mudzazitse madzi, muthiremo mchere wa pasipuni, mukhutchumule, n'kulisiya tsiku lathunthu. Mchenga umakhala pansi, dongo pamwamba. Mukufuna mchenga woposa theka mpaka magawo atatu mwa anayi, dongo gawo limodzi kapena awiri mwa khumi. Chachiwiri, khomani kabokosi ka matabwa ka masentimita 60 m'litali, 4 m'lifupi ndi 4 kuya, mukapake mafuta, mudzazemo dothi lokanda, kaume pamthunzi sabata imodzi, ndipo muyeze mmene lanyalira. Likanyala osafika sentimita imodzi ndi theka, muyezo ndi simenti imodzi pa dothi 18. Pakati pa 1.5 ndi 3, imodzi pa 16. Pakati pa 3 ndi 4.5, imodzi pa 14. Pakati pa 4.5 ndi 6, imodzi pa 12. Likanyala kuposa masentimita 6 muli dongo lochuluka, onjezerani mchenga muyesenso. Makande okhaokha sagwirizana ndi simenti, ndipo n'kwabwino kukatuta dothi lina ndi ngolo kusiyana n'kuwononga matumba.

Sefani dothi louma pa sefa ya mamilimita 5 kapena 6. Sakanizani ndi simenti zili zouma mpaka mtundu ufanane, kenako muwaze madzi ndi kheni pang'onopang'ono. Fumbatani chibuma m'dzanja, muchigwetse kuchokera paphewa. Chikasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, madzi akwana. Chikamwazika ngati ufa, achepa. Chikaphwatalala osasweka, achuluka. Sakanizani zokwana kuumba pa ola limodzi basi.

Njerwa ya masentimita 29 kwa 14 kwa 9 imalemera makilogalamu pafupifupi 7, ndipo thumba la simenti la makilogalamu 50 limatulutsa njerwa 90 mpaka 100 pa mawilibala asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu a dothi. Wina akakuuzani kuti atulutsa 150 pathumba, dziwani kuti njerwazo zidzasungunuka. Khoma lokhuthala masentimita 29 limadya njerwa pafupifupi 66 pa sikweya mita. Holo yathu, tikachotsa zitseko ndi mawindo n'kuonjezera zosweka, imafuna njerwa pafupifupi 12,500 ndi matumba pafupifupi 130. Gulu lozolowera limaumba 300 mpaka 500 patsiku, ndiye konzekerani mwezi wathunthu kapena kuposerapo.

Polakwika kwambiri ndi poumitsa. Njerwa izi siziyanikidwa padzuwa ngati zidina. Simenti imalimba ndi madzi, choncho zisanjeni pamthunzi, muziphimbe ndi pulasitiki, muzizithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi kapena awiri, ndipo zisamangidwe asanathe masiku 28. Pa gulu lililonse tengani zitatu muziviike m'madzi usiku ndi usana. Zikatuluka zofewa kapena ngodya zitagumuka, gulu lonselo lisakwere pakhoma.

Makoma opuma

Khoma lokhuthala la dothi limachedwetsa kutentha kulowa, koma lili ndi vuto limene ambiri saliganizira. Mu Okutobala ndi Novembala usiku wa kuno umakhalanso wotentha, ndipo khoma limene lawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse limatulutsira kutenthako m'kati usiku. Limathandiza pokhapokha lili pamthunzi masana ndipo mphepo ikuliomba usiku. N'chifukwa chake khonde ndi mabowo a mpweya si zokongoletsa ayi.

Makoma akhale aatali mamita anayi. Pa makoma a kumpoto ndi kum'mwera siyani mabowo otsika, masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pansi, pomanga njerwa motalikirana ngati chisa cha njuchi. Pamwamba pake pakhale mawindo aakulu oyang'anizana, a zitseko za matabwa kapena za bango m'felemu, osati magalasi. Pansi pa bimu siyaninso mzere wina wa mabowo. Mpweya wozizirirapo umalowera m'munsi pamene pakhala anthu, wotentha umatulukira pamwamba, ndipo potulukira pakhale pokulirapo kuposa polowera kuti mpweya uzikokedwa. Mabowo onse atchingidwe ndi waya wa sefa woletsa udzudzu, njoka ndi makoswe. Wayayo amachepetsa mphepo, ndiye kulitsani mabowowo moganizira zimenezo.

Komabe khoma lodzaza mabowo limafooka. Zenera kapena chitseko chisayandikire ngodya kuposa mita imodzi, ndipo mabowo onse pamodzi asapitirire theka la utali wa khoma. Mangani nsanamira zotuluka kunja mamita atatu kapena anayi aliwonse, pomwe padzakhale mathirasi, mitengo yolumikiza yonyamula denga. Pamwamba pa makoma onse pazungulire bimu ya konkire ya simenti imodzi, mchenga iwiri, kwale inayi, yokhala ndi zitsulo zinayi za Y12 (zokhuthala mamilimita 12) ndi maringi a R6 (mamilimita 6) masentimita 20 aliwonse. Chigwa chino chili mu mng'alu waukulu wa nthaka wa kum'mawa kwa Africa, kumene zivomerezi zimachitika, ndipo bimu ndi imene imagwira makoma kuti asatseguke pangodya. Matope omangira afanane mphamvu ndi njerwazo. Pulasitala wa simenti yambiri amamatuka pa njerwa za dothi, choncho khoma lotetezedwa ndi khonde lisiyeni losapaka, kapena mulipake laimu woyera.

Zitseko zikhale zosachepera ziwiri, kumbali zosiyana, zotsegukira kunja. Pokwerera njinga za olumala patsetsereke mita imodzi pa mamita 12, kutanthauza kuti guwa la masentimita 60 lifuna njira ya mamita 7.2.

Denga

Kutentha kochuluka kumalowera padenga, ndipo mphepo imayambira pomwepo kugwetsa nyumba. Denga la udzu limazizira bwino, koma limafuna kutsetsereka madigiri 45, udzu wokhuthala masentimita 25 mpaka 30, ndi kukonza pafupipafupi, ndipo pa nyumba yosonkhana khamu moto ndi woopsa. Udzu ndi mlaza zisungireni zisakasa za pabwalo. Holo ifoleredwe ndi malata a geji 28, oyera kapena owala, koma pamagawo awiri.

Gawo loyamba ndi siling'i ya mphasa za bango zokhomera pa timitengo, pamwamba pa bimu. Lachiwiri ndi malata, okwezedwa masentimita 50 mpaka 60 pamwamba pa siling'iyo, mpata wa pakati uli wotseguka mbali zonse ndiponso pamsonga pa denga. Malata akatentha, mpweya wa mumpatamo umakwera n'kutuluka, wina n'kulowa, ndipo kutentha sikufika pamitu ya anthu. Bango limachepetsanso phokoso la mvula pamalata ndi kubwerera kwa mawu, zimene zimasokoneza oimba ndi oyankhula. Mpata wonsewo utchingidwe ndi waya wa nkhuku wa maso ang'onoang'ono, apo ayi mileme idzakhazikikamo ndipo fungo lake silitha. Mawaya a magetsi odutsa pafupi ndi bango akhale m'mapaipi.

Denga likhale lotsetsereka mbali zonse zinayi, madigiri 25 mpaka 30. Denga logona kwambiri mphepo imaliyamwa kuchokera pamwamba, ndipo la mbali ziwiri limasiya khoma lalitali la nsonga limene mphepo imakankha. Mphamvu ya denga ili m'zolumikizira: lata ku pelini (mtengo wokhomerapo malata), pelini ku thirasi, thirasi ku bimu. Pothira bimu mizanimo zitsulo za R6 kapena malamba a chitsulo, awiri pa thirasi iliyonse, odzapinda pamwamba pa thirasiyo ndi kukhoma. Mapelini atalikirane masentimita osaposa 90 ndipo amangidwe ndi waya kapena lamba, osati msomali wokha. M'mphepete ndi pamsonga khomani malata pa nthiti iliyonse, chifukwa mphepo imayambira kusasula pamenepo. Miyala ndi njerwa zosanjika pamalata si zomangira, zimangodzagwera anthu.

Denga la khonde likhale lapadera, lokhomedwa pansi pang'ono pa denga lalikulu. Mphepo ikalowa pansi pa khonde n'kulinyamula, lipite lokha. Mizati yake iime pa timiyendo ta chitsulo kapena pa konkire yokwera masentimita 30, yomangidwa ndi mabawuti, mtengo usakhudze dothi. Ikaninso chotchinga mphezi.

Mitengo ya denga ikhale ya bulugamu kapena paini yonyikidwa m'mankhwala. Tsanya ndi wolimba, koma wotsala wambiri ali ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi, kumene kudula n'kuphwanya lamulo. Nsungwi zikhale za zaka zitatu kapena zinayi, zodulidwa m'chilimwe. Boolani mfundo zake ndi chitsulo, muziviike sabata imodzi kapena awiri m'madzi a borax ndi boric acid, makilogalamu asanu pa malita 100, kenako ziume pamthunzi. Popanda mankhwalawa, kuziviika m'madzi mwezi umodzi kumachepetsa kufumbwa koma sikuletsa chiswe.

Bwalo, madzi ndi mitengo

Magule ambiri sadzavinidwa m'holo. Bwalo likhale lozungulira, mamita 15 mpaka 20 kudutsa pakati, la dothi lotsindira losakaniza mchenga, chifukwa simenti imatentha mapazi ndi kupweteka mawondo a ovina. Pakati pakwere pang'ono kuti madzi asaime. Owonerera akhale kumadzulo ndi kum'mwera, pa masitepe awiri kapena atatu a miyala, dzuwa la madzulo lili kumbuyo kwawo. Malo owambira ng'oma pamoto akhale kutali ndi zisakasa za udzu, kumbali yopita mphepo. Kumidzi ya Amang'anja kumene kuli gule wamkulu, funsani eni dambwe kumene gule azilowera, ndipo njira imeneyo isatsekedwe ndi chimbudzi kapena khitchini. Funsaninso amayi ovina ndi oimba valimba pulani isanathe. Ng'oma, valimba ndi zikho zake zisungidwe pa mashelefu okwera mita ndi theka, osagunda khoma, m'chipinda chopita mphepo.

Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 336, pa chaka cha mvula ya mamilimita 700, tikachotsa gawo limodzi mwa asanu lotayika, limapereka malita pafupifupi 188,000. Mvula imodzi ya mamilimita 40 imadzaza thanki ya malita 10,000. Kumene mijigo ili ya mchere madzi amenewa ndi chuma. Thanki yodzaza yotere imalemera matani 10, ndiye ikhale pa silabu yakeyake, pamthunzi, yovindikira. Madzi oyamba otsuka fumbi ndi zitosi, pafupifupi theka la lita pa sikweya mita, apatutsidwe asalowe m'thanki. Osefukira atsogozedwe ndi ngalande ya miyala kupita ku maenje a mitengo, mamita 10 kuchokera pamaziko, ndipo m'mbali mwa ngalande ndi mwa guwa mubzale vetiva.

Mitengo imene mwaipeza pamalopo isadulidwe, pulani ndiyo iipatuke. Yobzala ikhale nimu, bwemba, mtondo, masau ndi nsangu, makamaka kumadzulo. Pamakande mizu imamwa madzi pansi pa maziko n'kunyalitsa dothi, choncho italikire mamita 10. Ngakhale italikire chotero imatchingabe dzuwa la madzulo chifukwa limakhala lotsika. Mbande iliyonse itchingidwe ndi minga chifukwa cha mbuzi.

Madzi akasefukira anthu adzathawira m'nyumba imeneyi, kaya munakonzekera kapena ayi, ndipo ndi bwino kutero kusiyana n'kutseka sukulu. Choncho zimbudzi za amayi ndi za abambo zikhale zosiyana, zokwezedwa kufanana ndi guwa, maenje ake omangira njerwa za simenti kuti asagumuke, mamita 30 kuchokera pa mjigo ndiponso kumunsi kwake. Masoketi akhale mita ndi masentimita 20 kuchokera pansi. Masola ayang'ane kumpoto atapendekeka madigiri 15 mpaka 20, ndipo mabatire, amene amatha msanga ndi kutentha, akhale pashelefu pamalo ozizira.

Nthawi ya ntchito ndi kusamala

Malo aonedwe mu Febuluwale ndi Malichi, pulani ndi zilolezo mu Epulo. Njerwa ziumbidwe kuyambira Meyi mpaka Julayi, kusanatenthe, anthu atakolola. Bango ndi udzu zidulidwe zitakhwima, moto wolusa usanayambe. Maziko ndi makoma zithe pofika Seputembala, denga likhomedwe lonse Okutobala asanathe, mitengo ibzalidwe mu Disembala kapena Januwale. Ndalama zikaperewera, chepetsani utali wa holo kapena siyani ofesi idzamangidwe chaka china, koma guwa, bimu, zomangira denga ndi khonde musazichepetse.

Komiti yosamala nyumba isankhidwe ntchito isanathe, ndipo gawo la ndalama za obwereka holo lizisungidwa padera. Mwezi uliwonse wina azungulire guwa ndi mizati kufuna timizere ta dothi ta chiswe, atiswe ndi kulondola kumene tachokera. Mu Okutobala mukwere padenga, mukhome misomali yozuka, muone malamba a mathirasi, muyeretse ngalande za malata ndi kutsuka thanki. Mvula ikatha tsekani ming'alu ya kakhonde kozungulira guwa ndi kubwezera dothi pamene lakokoloka. Mng'alu wa pakhoma uikeni chizindikiro cha pensulo ndi tsiku kumapeto kwake. Ukapitirira chizindikirocho pakatha miyezi itatu, kapena ukakula mpaka kulowa chala, itanani injiniya musanaumate.